Sitelingi Safa, Koma a M'sitima ya Mchere Ankafa

Pali masewera amene anyamata a njinga zamoto amawakonda akakhala pamthunzi kudikira makasitomala pa msika wa Mandimba, ofotokoza filimu yonse ndi mpweya umodzi. Wina amatchula dzina la filimu, mnzake n'kuimaliza asanapume. Commando: bambo wina amubera mwana wamkazi, iye apita kukapha anthu onse pachilumba, atenga mwana wake, basi. Rambo yoyamba: apolisi afuna kumeta munthu mokakamiza, tauni ipsa. Titanic: mtsikana wotomeredwa ndi munthu wachuma akondana ndi mnyamata wosauka, chombo chimira, mtsikana akwera pathabwa, mnyamata afa ndi kuzizira. Filimu ya ku Nigeria: apongozi ndi mfiti, gawo lachiwiri, apongozi akadali mfiti, gawo lachitatu, abusa afika.

Aliyense amaseka, ndipo ine ndimaseka nawo. Chimene chimaseketsa n'chakuti palibe bodza m'mawu amenewa. Titanic ya James Cameron, imene inatuluka mu 1997, imatenga maola atatu ndi kupitirirapo, inadya ndalama zosaneneka, koma mafupa ake ndi omwewo amene mnyamata wa njinga wawayala pansi. Kufupikitsa kotereku kuli ngati kuvula mfumu mkanjo ndi chisoti n'kuisiya ndi kabudula: timaseka poona kuti nayonso miyendo yake ndi yowonda ngati yathu. Ndipo nthawi zina kumathandiza. Mafilimu ambiri amene amadzaza mamemori kadi athu alibe kanthu kupatula phokoso ndi moto, ndipo chiganizo chimodzi chonyoza chimawayeza bwino kuposa munthu wophunzira atalemba masamba khumi.

Koma masewerawa amabala mkangano. Nthawi zonse pamapezeka wina amene sanaonere, ndipo amakwiya: wandiwonongera filimu! Ku wailesi yathu ya m'dera, tikatsegula mafoni pa nkhani za achinyamata, dandaulo limeneli limabwera kawirikawiri, makamaka pa manovela. Mayi wina amene ali ndi mwana ku Nampula kapena amene ali ndi intaneti pafoni amadziwa kale kuti uje akwatiwa ndi yani, ndipo pachitsime sangathe kusunga pakamwa. Azungu ali ndi mawu awo a zimenezi, amati spoiler, ndipo amakwiya nazo kwambiri mpaka kudana pachibale.

Mantha amenewa ali ndi mbiri yake. Mu 1960 Alfred Hitchcock atatulutsa Psycho analamula kuti filimu ikangoyamba, munthu wochedwa asaloledwe kulowa m'holo, ndipo anapempha oonera kuti asakauze anzawo mathero. Ku Brazil, kumene kumachokera manovela ambiri amene timaonera kuno, dziko lonse linagwidwa ndi funso limodzi kumapeto kwa 1988: ndani wapha Odete Roitman mu Vale Tudo? Olemba anakonza mathero angapo osiyana kuti ngakhale ochita sewerowo asadziwe lenileni mpaka nthawi yojambula. Nkhani zoterezi zinamangidwa ngati msampha wa mbewa. Mphamvu yake yonse ili pa kufwamphuka kamodzi kokha, ndipo ukauza mbewa pamene pali diwa, ntchito yatha. Pa mafilimu a mtundu umenewu, woulula mathero ndi wakuba ndithu, ndipo sindimuikira kumbuyo.

Koma tiyeni tinene zoona, abale. Ndi mafilimu angati amene timaonera ali otero? Ife tinakulira m'nyumba za vidiyo za udzu ndi nsungwi, jenereta ikulira kuseri, kandalama kolowera kali m'manja, kaya ndi metikali kaya kwacha ya ku Chiponde. Mwana aliyense wa m'nyumba zimenezo ankadziwa lamulo loyamba la filimu: sitelingi safa. Anzathu olankhula Chipwitikizi amati artista samwalira, bandido wamkulu amafa pomaliza. Tinkadziwa zimenezi tisanakhale pabenchi, ndipo palibe anabwezeredwa ndalama chifukwa chodziwa. Ena ankaonera filimu imodzi ya Bruce Lee kasanu, akunena mawu asanatuluke m'kamwa mwa wosewera, akuchenjeza sitelingi kuti kumbuyo kwako kuli munthu. Kudziwa kunkawonjezera kukoma.

Ndipo sizinayambire pa vidiyo. Agogo akati padangokhala, ife n'kuyankha tilitonse, kodi analipo mwana amene sankadziwa kuti Kalulu apusitsa Fisi? Tinkadikira kuti timve mmene agogo asinthire mawu pofika pa Fisi, mmene akokere nyimbo, pamene aimire kuti asonkheze moto ife mitima ili m'mwamba. Filimu ya Yesu, ija ya 1979 imene amipingo akhala akuonetsa pansalu yoyera m'midzi yambiri m'Chinyanja, mathero ake aliyense amawadziwa, Mkhristu ngakhale Msilamu wa ku Massangulo amene wangoima chapatali. Komabe pofika pa misomali amayi amalira mokweza. The Boy Who Harnessed the Wind, ya Chiwetel Ejiofor ya 2019, yonena za William Kamkwamba wa ku Wimbe m'boma la Kasungu, inaulula mathero ake m'dzina lenilenilo: mnyamata adzaigwira mphepoyo. Palibe amaonera akukayika ngati makinawo azungulire. Chimene chimakugwira pakhosi ndi njala ya 2001 ndi 2002, banja likudya kamodzi patsiku, anthu akukanganirana chimanga pa depoti, galu akufa. Ambiri a ife kuno kumalire njala imeneyo tinaiona ikuwoloka ndi mabasiketi pamutu. Ngakhale Chichewa cha osewera ena m'filimu imeneyo chinaseketsa anthu, njalayo palibe anaiseka.

Ndiye ine ndikuti kuulula mathero si tchimo lalikulu la ofotokoza mafilimu. Tchimo lalikulu lili pena, ndipo silidandaulidwa kawirikawiri chifukwa limabwera likuseketsa.

Tisanafike pamenepo tiyenera kulankhula za munthu amene waima pakati pa ife ndi filimu, womasulira. Masiku ano mafilimu ambiri amene amagulitsidwa m'mabaraka ojambulira nyimbo amabwera ali ndi mawu a DJ pamwamba. Ku Malawi dzina la DJ Sau limadziwika ngakhale ndi ana. Ku Kenya kuli DJ Afro, ku Tanzania kunali Lufufu, ku Uganda amawatcha ma VJ. Ntchito imeneyi si yachilendo padziko. Ku Japan, nthawi imene mafilimu analibe mawu, kunali anthu otchedwa benshi amene ankaima pambali pa nsalu n'kumafotokoza, ndipo ena anatchuka kwambiri moti anthu ankapita kukamvera iwowo kuposa kukaona filimuyo. Ku Kampala, filimu ya Nabwana IGG ya 2010, Who Killed Captain Alex?, inatchuka kunja konse ili ndi mawu a VJ Emmie akuseka ndi kukuwa pamwamba pake, ndipo chodabwitsa n'chakuti funso la m'dzinalo filimuyo siiliyankha bwinobwino. Imeneyo ndiye filimu imene palibe angakuwonongere.

Womasulira wabwino ndi waluso, ndipo amene amamunyoza sanayesepo kulankhula maola awiri osapuma. Ife a pawailesi timadziwa kulemera kwake. Samasulira mawu ndi mawu. Amatenga msilikali wa ku America n'kumupatsa dzina la kumudzi, amasandutsa New York kukhala Limbe, amauza agogo amene sadziwa Chingerezi kapena Chihindi kuti uyu ndi mlamu wake wa uja, ndipo ndalama zimene akulimbiranazi ndi za malemu bambo awo. Amaululanso mathero mwadala: muoneni bwino ameneyu, safika madzulo. Holo yonse imaseka, ndipo palibe amadandaula. Popanda iye, theka la anthu a m'midzi yathu akanangoona zithunzi zoyenda.

Koma taonani mphamvu imene tamupatsa. Iye ndi amene amatiuza kuti apa sekani, apa musamumvere chisoni, uyu ndi chitsiru, uyu ndi hule. Mtsikana akamathawa mwamuna womugwirira, DJ wina amaponyapo nthabwala ya momwe akuthamangira, ndipo anyamata makumi atatu amaseka limodzi, ena a zaka khumi ndi ziwiri. Munthu wakuda akangotulukira m'filimu ya azungu, nthabwala imakhala yokonzeka kale. Wolumala, wachibwibwi, wonenepa, onse ndi ndiwo. Amene anapanga filimuyo mwina anafuna kuti pamenepo holo ikhale chete, koma chetecho sichifika kwa ife, chifukwa womasulira amaopa chete ngati mmene ife owulutsa timaopera mphindi yopanda mawu pa mlengalenga. Akuluakulu anati kandimverere anakanena za m'maluwa. Tamutuma kuti akatimverere, ndipo zimene wabwera nazo n'zokoma, koma nthawi zina mlandu weniweni wausiya komweko.

Kuwononga filimu kwenikweni ndi kumeneku, kukuuza kuti nkhaniyi ndi yotani usanaimve wekha m'thupi. Pa Commando palibe chotayika, chifukwa anthu amene akugwa pachilumba paja si anthu, ndi zidole zowerengera. Koma pali filimu imodzi imene imandichititsa kuganiza za malire a nthabwala zimenezi, chifukwa njanji yake imadutsa pakhomo pathu.

Comboio de Sal e Açúcar, kapena kuti Sitima ya Mchere ndi Shuga, ndi filimu ya Licínio Azevedo imene inatuluka mu 2016. Azevedo anabadwira ku Brazil koma wakhala ku Mozambique kuyambira zaka za m'ma 1970, pamene anabwera kudzagwira ntchito ku Instituto Nacional de Cinema, bungwe lija linkapanga Kuxa Kanema. Nkhaniyi anayamba wailemba ngati buku, kenako n'kuijambula. Inaonetsedwa ku chikondwerero cha mafilimu cha Locarno ku Switzerland, inapambana mphoto yaikulu ku Carthage ku Tunisia mu 2017, ndipo ndi filimu yoyamba imene Mozambique inatumiza ku mpikisano wa Oscar. Nkhani yake ikuchitika kumapeto kwa zaka za m'ma 1980, nkhondo ili pakati, m'sitima yochoka ku Nampula kulunjika ku Cuamba, njira ya ku Malawi.

Tsopano ipatseni kwa anyamata a pamsika aja. Aimaliza ndi mpweya umodzi: amayi akwera sitima kukasinthitsa mchere ndi shuga, sitima ikuyenda ngati kamba, anthu akuwomberedwa m'njira. Wina adzawonjezera: kufera tiyi! Ndipo adzaseka, chifukwa kwa mwana wobadwa pambuyo pa 4 Okutobala 1992, tsiku limene anasainirana mtendere ku Rome, n'zoseketsadi. Shuga ali pa baraka iliyonse. Ndani angaike moyo wake pa chiswe chifukwa cha paketi ya shuga?

Chiganizo chimenecho n'choona mofanana ndi cha Titanic chija, koma chasiya kunja chilichonse. Sichinena kuti nthawi imeneyo m'masitolo munalibe kanthu, kuti ndalama inali pepala lopanda ntchito, kuti mchere wa kunyanja ya Indian unali chuma kwa anthu a kumtunda, ndipo shuga wa ku Nchalo ndi ku Dwangwa ukafika ku Nampula unkasanduka chakudya cha banja, zovala, ndi sukulu ya ana. Amayi aja sankafuna tiyi. Ankachita malonda okhawo amene anatsala. Sichinena chifukwa chimene sitima inkayendera ngati kamba: njanji inali yozulidwa m'malo ambiri, ndipo apaulendo omwewo ankatsika kukanyamula zitsulo ndi mitanda, kukonza, kukwera, kuyenda pang'ono, kutsikanso. Amene anadutsa ku Ribáuè, ku Malema ndi ku Mutuáli zaka zimenezo safuna kuwafotokozera. Ndipo sichinena chinthu chimene filimuyi inalimba mtima kunena, chimene ambiri amangonong'ona: kuti woopsa sanali wa m'tchire yekha. Asilikali ena operekeza sitimayo, amene ntchito yawo inali kuteteza, ankalanda katundu ndi kutenga akazi a anthu ngati malipiro awo.

Apa ndi pamene filimuyi ili ndi mphamvu. Adani a m'tchire sitiwaona kwenikweni. Timamva zipolopolo, timaona zimene asiya m'njira, timamva dzina la mkulu wawo Xipoco likutchulidwa mwamantha. Koma Salomão, msilikali wa m'sitima momwemo, timamuona nkhope tsiku lililonse, ndipo mantha a Rosa, namwino wachitsikana amene akupita kukayamba ntchito, ali pa iyeyo. Pakati pawo pali Taiar, msilikali wophunzira amene amakhulupirira malamulo, ndi mkulu wa asilikali Sete Maneiras, wa mphini kumaso, amene amadalira mizimu ndi mankhwala mofanana ndi mfuti. Ndimakonda kuti filimuyi siimuseka Sete Maneiras. Aliyense amene anakula nthawi ya nkhondo anamva za asilikali okhwima amene chipolopolo sichinkawalowa, ndipo Azevedo akuzionetsa monga mmene anthu ankazikhulupirira, osatiuza kuti n'zoona kapena zabodza.

Ili ndi zofooka zake, ndipo ndizinena. Chikondi cha Taiar ndi Rosa chimathamanga kuposa sitimayo, ndipo chimanunkha mafilimu a kunja. Wabwino ndi wabwino kwambiri, woipa ndi woipa kwambiri, ngati m'mafilimu a makaubodi, pamene ife tikudziwa kuti munthu mmodzi yemweyo ankatha kukugawira madzi m'mawa n'kukulanda nsalu madzulo. Amayi amalonda, amene dzina la filimuyi ndi lawo, monga Mariamu, akanayenera kupatsidwa nthawi yochuluka kuposa amuna a mfuti. Ndipo chachikulu kwa ife, anthu a m'sitimayi amalankhula Chipwitikizi, osewera ena akuluakulu ndi ochokera ku Angola ndi ku Brazil. Amayi enieni amene anakwera sitima imeneyo ankalankhula Chimakua, Chilomwe, Chiyao, Chinyanja. Ena a iwo alipo mpaka lero ku Cuamba, ku Entre Lagos, ku Mitande, ndipo filimu ya moyo wawo sangaimve popanda wina wowamasulira. Anthu a ku Locarno anaiwerenga m'zilankhulo zawo pansi pa chithunzi. Agogo a ku Lissiete amafuna pakamwa pa munthu.

N'chifukwa chake sindingathe kunena kuti omasulira achoke. Tikuwafuna, ndipo pa filimu iyi tikuwafuna kuposa pa ina iliyonse. Funso langa ndi lakuti, womasulira akaitenga kuti aiike m'Chinyanja kapena m'Chiyao, adzachita nayo chiyani? Ngati adzabwera ndi zida zake za masiku onse, Salomão adzasanduka shasha wa akazi, kulira kwa mayi wolandidwa kwa mwamuna wake kudzapatsidwa kamawu koseketsa, ndipo mitembo ya m'mbali mwa njanji idzawerengedwa ngati zigoli. Anyamata adzatuluka akuseka, atadziwa chiyambi ndi mathero, osadziwa kuti mayi wogulitsa mandasi pakhomo la holoyo anali ndi zaka za Rosa m'chaka chimenecho. Pa benchi lomwelo pakhoza kukhala mwana wa amene analandidwa ndi mwana wa amene analanda. Kuno nkhondo inatha popanda bwalo lofunsa anthu zimene anachita. Tinangogwirizana kukhala limodzi, othawira ku Malawi anabwerera, ndipo zambiri zinakwiriridwa osanenedwa. Filimu ngati iyi ndi imodzi mwa malo ochepa pamene zinthuzo zimaonekera poyera, ndipo mawu oyamba amene ana athu adzamve pa izo akhoza kukhala a DJ.

Sindikupempha kuti aimasulire ngati ulaliki wa pamaliro. M'sitimamo munalinso kuseka. Anthu ankaphika, ankatukwanizana, ankabereka ana, ankakondana. Nthabwala ya apaulendo okhaokha, yoseka njala yawo ndi mantha awo, ndi ina. Amene anakhala m'misasa ya othawa kwawo amaidziwa, ndipo mpaka lero akakumana amaseka za ufa wachikasu ndi nandolo za chithandizo mpaka misozi. Iwowo ali ndi ufulu umenewo chifukwa anaulipira. Womasulira amene anabadwa mtendere utabwera ayambe wakhala pansi ndi mmodzi wa amayi aja, amufunse kuti thumba la mchere linkasinthidwa bwanji, ankagona pati sitima ikaima masiku, madzi ankawapeza kuti, ankabisa chiyani m'chitenje. Akatero adzadziwa yekha pamene pakufunika mawu ake, ndi pamene ayenera kutseka maikolofoni n'kusiya phokoso la njanji lokha.

Mwaona kuti sindinakuuzeni ngati Taiar ndi Rosa afika limodzi, kapena chimene chimuchitikire Salomão. Sikuti ndikuopa kukuwonongerani. Ndanena kale kuti ife kudziwa mathero sikutiletsa kulira. Ndasiya chifukwa pa filimu iyi lamulo lija la m'nyumba za vidiyo siligwira ntchito, ndipo ndikufuna mukaione musakudziwa ngati sitelingi ali wotetezeka, monga mmene okwera ku Nampula sankadziwira kuti ndani adzatsike ku Cuamba. Amene muli ndi achibale ku Lichinga kapena ku Nampula, afunseni akupezereni. Mukaipeza musaionere pafoni muli nokha. Itanani akuluakulu a pakhomo, mmodzi wodziwa Chipwitikizi akhale pafupi ndi agogo, ndipo agogowo akayamba kutsutsa kuti ayi, sizinali choncho, mabogi ake sanali otero, imitsani filimuyo muwamvere kaye.